A Nthanda ndi Buku Loduka Mchira

A Levi Nthanda anaphunzitsa zaulimi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi kwa Chulu, ndipo m'zaka zonsezo palibe funso lomwe linawasowetsa chonena. Fodya akachita chikasu pa nazale, ankadziwa chavuta ndi mankhwala ake omwe. Anali munthu wa yankho limodzi: chinthu chikhale cholondola kapena cholakwika, zapakatikati ayi.

Mtima womwewo ndi umene unawadanitsa ndi mng'ono wawo Yakobe wa ku Kaluluma. Wina anawanong'oneza kuti Yakobe wasuntha malire a munda wa malemu bambo awo. Iwo osafunsa n'komwe, anapita kukamuuza pamaso pa mkazi wake kuti pakhomo pakepo sadzapondaponso. Zaka zisanu ndi zinayi zinadutsa akusunga mawuwo ngati lumbiro la ku tchalitchi. Uthenga utabwera kuti Yakobe akuvutika ndi matenda a shuga, mtima unawawawa ndithu, koma anati adzapita ana akalemba mayeso.

Chaka chomwecho mphunzitsi wa Chingelezi anasamutsidwira ku boma, ndipo ahedi anawapatsa a Nthanda Folomu 4 kuti aiphunzitse sewero lakale lomwe linkayenera kubwera pa mayeso. Iwo anakana, anati za zisudzo sazidziwa. Ahedi anangoti mphunzitsi ndi mphunzitsi basi.

Mabuku a sewerolo analipo anayi, ndipo onse anali oduka mchira. Pepala lake linali lopyapyala, lokoma kupichirira chingambwe, tsono kuno kwathu pepala lotere silikalamba. Sewero la zigawo zisanu linatsala ndi zinayi. A Nthanda sanauze munthu kuti mathero ake sakuwadziwa. Bambo wa imvi angaulule bwanji zimenezo kwa ana?

Nkhani yake inali ya mkulu wa asilikali amene anapirikitsa mng'ono wake atamva mabodza a kapitao wake. A Nthanda powerenga ankatuluka thukuta osadziwa chifukwa. Koma chinawazunguza mutu kwambiri ndi mafunso a mayeso akale. Lina linkati: fotokozani chofooka chimene chinagwetsa mtengambali wamkulu. Chofooka chiti? Iwo ankaona munthu wolimba mtima, wosunga mawu ake. Lina linkati: kodi analakwa ndi iye, kapena linali tsoka chabe? Perekani maganizo anu. Maganizo! Pa mayeso! Ku zaulimi mwana akapereka maganizo ake pa kathiridwe ka feteleza amalakwa.

"Aphunzitsi, ndiye tilembe kuti wolakwa ndani?" anafunsa Tobias, mnyamata wamtali wokhala kumbuyo.

"Kapitao. Ndiye ananama."

"Nanga mkuluyo bwanji sanamufunse mng'ono wakeyo?"

"Anali wotanganidwa ndi nkhondo."

"Zaka zonsezo, aphunzitsi?"

Kalasi inaseka. A Nthanda anafufuta bolodi lomwe linali lofufuta kale. Kenako anatembenuka n'kunena motsimikiza, ngati akuphunzitsa za kasinthasintha wa mbewu, kuti m'gawo lachisanu mkuluyo adzazindikira choona, adzapita kukapepesa, ndipo abalewo adzadyera mbale imodzi. Magazi ndi magazi, anatero, munthu sangathe nkhani yotere mwanjira ina. Ana makumi asanu ndi limodzi analemba zimenezo m'makope mwawo.

Lolemba lina m'mwezi wa Meyi, mtsikana wina dzina lake Ezelina anabwera ndi buku lathunthu lomwe anabwereka kwa msuweni wake wa ku boma. Anakweza mkono mwamantha.

"Aphunzitsi, pepani, koma muno sizikutha choncho."

"Tawerenga timve."

Ezelina anawerenga, Chingelezi chikumupunthwitsa apa ndi apo. Mkulu wa asilikali anazindikiradi choona. Ananyamukadi kukapepesa. Mpaka pamenepo a Nthanda ankagwedeza mutu, maso ali pa Tobias. Koma atafika kumudzi kumene mng'ono wake anathawira, anapeza anthu akuchokera kumanda. Anachedwa ndi tsiku limodzi.

"Pitiriza," anatero a Nthanda.

"Zathera pomwepo, aphunzitsi."

A Nthanda analanda bukulo, analitembenuza, anayang'ana ngati nalonso lang'ambidwa. Linali lathunthu mpaka chikuto. Anasokonezeka zenizeni. Munthu wanzeru zake angakhale pansi, n'kulemba zigawo zisanu, kuti pomaliza wopepesa apeze manda? Phunziro lake lili pati? Munthuyo anavomera kulakwa, ananyamuka, anachita zonse zoyenera. Ndiye akumulanga chifukwa chiyani?

"Ndiye tifufute zija tinalemba?" anafunsa Tobias.

"Fufutani."

"Tilembe chiyani?"

A Nthanda anatseka bukulo. Ana anadikira zolembera zili m'manja. Ezelina ndiye anayankhula chapansipansi, ngati akudziyankhulira yekha: "Mwina chofooka chake n'choti ankaganiza kuti mng'ono wakeyo azingomudikira."

A Nthanda anaika choko patebulo. Anauza ana kuti akambirane m'magulu, ndipo anatuluka osatsanzika ngakhale kwa ahedi. Anakwera kabaza, kenako minibasi, kenako kabaza ina. Njira yonse ankakonza mawu oti akanene, koma akakonza chiyambi mathero ankawathawa. Mantha anawagwira, mantha enieni a mwana. Pokhotera kwa Yakobe ankayang'ana ngati pamsewu paikidwa masamba a maliro. Panalibe.

Anafika dzuwa litapendeka. Mkazi wa Yakobe anali pakhonde akusenda mtedza, ndipo atawaona anaimirira, mtedza n'kumwazika.

"Alamu! Mwatandala uli?" Anawalonjera m'Chitumbuka atagwada, kenako analoza kuseri. "Ali m'chigafa."

M'chigafamo Yakobe anakhala pamphasa, mulu wa fodya wouma uli pambali pake. Anali ataonda kwambiri. Ankatenga tsamba, kulisisita ndi zala, kulinunkhiza, n'kuliika kumanja kapena kumanzere. A Nthanda anaima pakhomo nthawi yaitali, koma iye sanadzutse mutu.

"Odi," anatero potsiriza.

Manja a Yakobe anaima. Anatembenuza nkhope, koma maso ake, otuwa ngati phulusa, analoza pa nsanamira, osati pa iwo.

"Mawuwa ngati a bambo," anatero. "Achimwene, ndinu?"

"Ndine, Yakobe. Ndabwera kuti... za munda zija..."

"Munda uli pomwe unali. Khalani pansi." Anapapasa mphasa n'kusuntha fodya kuti apeze malo. A Nthanda anakhala, mawu onse anakonza aja atabalalika. Sanadziwe ngati afika msanga kapena achedwa.

Yakobe anatambasula dzanja, anapeza phewa lawo, anakwera nalo mpaka kumutu n'kusisita tsitsi pang'onopang'ono.

"Akuti mwamera imvi," anatero akumwetulira. "Mukanabwera chaka chatha, ndikanaziona."