Anakhululuka Bambo, Dimba Linali la Amayi

Dimba linali la amayi. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa pa nkhani yonseyi palibe amene anawafunsapo kanthu iwowo. Linali kumunsi kwa Nangongwe, kumene nyumba zimathera ndipo dothi limayamba kuda ndi kunyowa, m'mbali mwa kangalande kotsikira ku mtsinje wa Kafue. Ankalimamo repu, tomato, impwa ndi chibwabwa, n'kumakagulitsa pamsika wa m'tauni. Pakati pake panali kachitsime kosazama kamene anakumba okha ndi khasu. Ana tonse a m'nyumba mwathu tinadya, tinavala ndi kuphunzira ndi masamba a m'dimba limenelo.

Bambo sankadziwa ngakhale kagwiridwe ka kheni yothirira. Iwo anali mkulu wa mpingo, monga analili bambo awo amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji kuno. Munthu wabwino, ndisaname: wosamwa, wosamenya, wa jekete imodzi yosita bwino, woyamba kufika pamaliro ndi womaliza kuchoka. Koma ubwino wawo unali wa mtundu uja umene wina amayamikiridwa nawo pamene wina akuusenza pamutu.

Ndili ku sekondale, munthu wina wa ku Lusaka anamanga mpanda wa malata kumtunda kwa dimbalo n'kuyamba kuphika mapolo omangira mipanda. Mitengo ya bulugamu inkabwera pa malole, n'kumaiviika m'thanki ya mafuta akuda kuti chiswe chisaidye. Fungo lake linali ngati la msewu umene angouthira phula, ndipo mphepo ikatembenuka linkalowa mpaka m'zovala zoyanika. Zotsalira za mafutawo ankazitaya m'dzenje kuseri kwa mpanda. Aliyense ankaliona dzenjelo, ndipo aliyense ankadziwa kumene madzi amapita mvula ikagwa.

Chaka china mvula yoyamba inagwa yamphamvu, dzenje lija n'kusefukira. M'mawa mwake ndinatsikira kudimba limodzi ndi amayi. Ngalande inali bii, pamwamba pa madzi pakuyandama mitundu yonyezimira. Repu yense anali atagona, wofota ngati wathiridwa madzi owira. Abakha a mnansi wathu anali gada m'matope. Amayi sanalire. Anapinda chitenje, n'kuyamba kukapa chitsime ndi ndowa, poganiza kuti akachotsa madzi akudawo pansi patuluka oyera. Anakapa mpaka dzuwa kufika pamutu, madzi osayera. Patapita masiku ochepa khungu la m'manja mwawo linayamba kusupuka, moti kwa nthawi yaitali ndinkawamangira ine mpango kumutu.

Anansi anati tipite ku Boma tikanene, abwere adzaone okha madzi asanapite. Amayi anali atavala kale nsapato. Bambo anawaimitsa pakhomo.

"Mkhristu sathamangira ku boma asanaonane ndi mnzake maso ndi maso," anatero. "Ndikalankhula naye ine."

Anapitadi, ndipo mwini mapolo uja anawawerenga bambo msangamsanga. Anali wochenjera ameneyo. Sanabwere kunyumba kumene akanakumana ndi amayi, ndipo kudimba sanapondeko. Anabwera kutchalitchi, Lamulungu, anthu atadzaza. Mapemphero atatha anapempha kuti alankhule, anapita kutsogolo, n'kugwada pamaso pa bambo, thalauza lake lodula lili pasimenti.

"Ba mudala, nalakwa," anatero m'Chinyanja cha m'tauni, mawu akunjenjemera. "Ni mvula inachita, koma mulandu ni wanga. Nikhululukileni."

Bambo anamugwira mapewa n'kumudzutsa. "Takhululuka, mwana wanga. Nkhani imeneyi yathera pano."

Mpingo unaombera m'manja, wina anayambitsa nyimbo, azimayi ena mpaka kupukuta misozi. Amayi anali kumbali ya azimayi, manja opakidwa mafuta ali pachifuwa, akuyang'ana pansi. Ine ndinali pabenchi ya kwaya, mtima ukutentha, osadziwa kuti chikundiwawa kwenikweni n'chiyani. Sabata yotsatira lole inadzatsitsa mapolo patchalitchi, mphatso ya mpanda. Mpandawo ulipo mpaka lero, chiswe sichinaukhudze.

Mapolo anasiya kuphikidwa patapita nthawi, osati chifukwa cha ife ayi, bizinesi ndiyo inangomuvuta mwini wake. Anakhoma geti n'kupita. Amayi anatsala ndi dothi lonunkha. Analipala ndi fosholo, kulitaya kutali, n'kumatuta lina pa wilibala yobwereka. Ankapempha manyowa kwa oweta nkhuku. Anakumba chitsime china chakumbali. Ngakhale masamba atayambanso kumera, pamsika anthu ankawadutsa, akumanong'onezana kuti repu wa mayi uja ndi wa mafuta. Zinatenga zaka kuti mbiri imeneyo ife. Pamene ine ndinkakwatiwa n'kusamukira ku Kafue Estates, dimba linali litabiriwiranso, ndipo Loweruka lililonse ndinkachokako ndi thumba la masamba limene amayi ankakana kuti ndilipire.

Ndiye posachedwapa, ndikutsika minibasi kuchokera kuntchito ku Lusaka, ndinamva kuti geti lija latsegulidwa. Ndinapita kukaona ndekha. Dzina pachikwangwani linali lina, penti watsopano, koma munthu amene ankaloza uku ndi uku mkatimo anali yemwe uja, kungoti mutu wayera ndipo mimba yakula. Ankafuna kuyambiranso, ndi mathanki akuluakulu kuposa kale. Chinkamuchedwetsa chinali chimodzi: chilolezo chochokera kwa akuluakulu oona za chilengedwe, ndipo iwowo anati adzayamba amva kaye anthu okhala pafupi.

Mnzanga wina wa kuntchito, amene mwamuna wake amadziwako za malamulo, anandiuza kuti masiku ano popereka chilolezo chotere amayang'ananso mbiri ya wopemphayo. Ngati anaonongapo kale madzi kapena nthaka, akhoza kumukaniza, kapena kumuikira malamulo okhwima. Ndinasangalala ngati mwana. Ndinati tsopano nthawi ya amayi yakwana. Loweruka masana ndinawapeza bambo pakhonde akuwerenga Baibulo, ndinagwada pafupi monga tinaleredwera.

"Bambo, kumsonkhano kuja akadzakufunsani, mudzangonena zimene zinachitika. Basi. Palibe chowonjezera."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndamva," anatero.

Ndikanadziwa. Kwathu "ndamva" wa bambo sanatanthauzepo kuti avomera.

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu, pansi pa mitengo. Anthu anabwera ambiri, makamaka anyamata ofuna ntchito, ndipo sindiwada, njala ya ku Nangongwe ndimaidziwa. Wotsogolera anali mayi wachitsikana wochokera ku ofesi ija, wa nsapato zafumbi ndi nkhope yotopa. Munthu wa kampani anafotokoza za dzenje latsopano la simenti, za denga, za mipope, zonse zokoma m'makutu. Atatha, mayi uja anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera.

"Aba bene ba kampani banasebenzapo kale pamalo pano. Ku ofesi kwathu kulibe dandaulo iliyonse pali beve. Manje nifuna nimvele kuli imwe. Kunali vuto?"

Ndinaimirira asanamalize n'komwe. Ndinanena zonse: ngalande yakuda, abakha, repu, manja a amayi, wilibala. Ndinafika mpaka kumapeto. Anthu akale anang'ung'udza movomereza. Mayi uja ankalemba.

Kenaka mwini mapolo anadzuka, modekha, manja ali kumbuyo.

"Ni zoona, kunali kavuto kang'ono chaka chija cha mvula yambili," anatero. "Koma tinakambisana na bene ba dimba, tinasiliza bwino maningi, pamenso pa mpingo. Ba mudala bali apa. Bafunseni."

Maso onse anapita kwa bambo. Eni ake a dimba, ati! Munthu amene sanadzalepo ngakhale mbande imodzi. Bambo anaimirira pang'onopang'ono, anamanga batani la jekete, n'kutsokomola monga amachitira asanapemphere.

"Nkhani imeneyi tinakhululuka pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa mpingo," anatero. "Chimene ndinakhululuka sindingachifukulenso."

Mayi wa ku ofesi uja, Mulungu amudalitse, anayesetsa. "Ba tate, sinifunsa za kukhululuka. Nifunsa chabe ngati manzi yanaonongeka, na ngati aba banakonza."

"Mwana wanga, ndayankha kale."

Anakhala pansi. A mpingo wathu amene analipo anaombera m'manja, anyamata a ntchito aja n'kuthandizira ndi malikhweru. Ine ndinawagwira amayi pamkono.

"Amayi, imirirani. Nenani inu. Dimba ndi lanu."

Sanatembenuke n'komwe. Anayankha motsitsa, milomo yokha ikugwedezeka. "Ukufuna ndiwavule jekete bambo ako pagulu?"

Anthu atabalalika ndinamutsatira mayi uja kugalimoto. Anandimvera mwaulemu. Anati zimene ndanena wazilemba ndipo zikafika kumene zikupita. Koma anandiuzanso mosabisa mmene zinthu zilili: nthawi imeneyo palibe amene anakanena, palibe amene anabwera kudzaona madziwo, ndipo munthu amene wasonyezedwa ngati mwini malo wanena pagulu kuti nkhani inatha. Mawu anga okha, a mwana wokumbukira za kusekondale, anali opepuka. Iyeyo sindinamukwiyire. Anafunsa funso loyenera, ndipo yankho lake tinali nalo m'nyumba mwathu.

Ndinakwiyira bambo, ndipo tsiku lomwelo ndinawalankhula mmene sindinawalankhulirepo chibadwire. Ndinayankhula chiimirire.

"Bambo, mnyamata uja anapereka mimba kwa mtsikana wa kwaya, munamukhululukira?"

"Tinamukhululukira. Analapa."

"Nanga atabwerera mumpingo, munamupatsanso kwaya ya atsikana kuti aziyang'anira?"

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ine n'kupitiriza.

"Inu nomwe munakana. Munati kukhululuka n'kwina, kumupatsanso ana a eni n'kwina. Ndinakumvani ndi makutu angawa. Lero munthu wakufunsani ngati angamupatsenso ngalande yathu, inu mukuti munakhululuka?"

"Zimenezo ndi zina," anatero, akutsegula Baibulo lawo.

Si zina ayi. Ndakhala ndikuziganiza m'minibasi popita ndi pobwera, ndipo ndikuona kuti bambo sanali kuteteza munthu wa mapolo. Ankateteza Lamulungu lija, tsiku limene munthu wolemera wa ku Lusaka anawagwadira mpingo wonse ukuona. Linali tsiku lalikulu pa moyo wawo, mwina loposa onse. Kunena kuti madzi anaonongeka ndipo sanakonzedwe kukanakhala kuvomera kuti kugwada kuja kunali sewero, ndipo iwo anaseweredwa. Ndimawamvetsa, koma kumvetsako sikundiziziritsa mtima.

Chilolezo chinatuluka. Akuti muli malamulo a simenti ndi denga, ndipo mwina adzawatsata, ndani akudziwa. Amayi sanadikire kuti aone. Tsiku limene fungo la phula linafikanso pakhomo, anatsikira kudimba, anazula mbande zonse za panazale n'kuzigawira anzawo olima kutali ndi ngalande. Ndinawachonderera kuti ayembekeze mvula imodzi yokha.

"Msana wotuta dothi kachiwiri ndilibe," anatero.

Tsopano amagula tomato wa m'mabokosi kwa a malole n'kumagulitsanso pamsika, munthu amene moyo wake wonse ankanyoza tomato wogula. Kunyumba sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Ankaphika, ankachapa, jekete ija ankaisita monga kale. Ine ndinkaganiza kuti ameza, monga anamezera zina zonse.

Kenaka linafika Lamulungu la Mgonero. Kwathu akulu a mpingo ndiwo amayenda ndi mbale ya mkate m'mizere, ndipo tsiku limenelo mbali ya azimayi inagwera bambo. Ndinali kumbuyo kwa amayi. Mbale itafika pa iwo, sanatambasule dzanja. Anangoyang'ana kutsogolo. Bambo anaima pomwepo, mbale ili m'manja, akudikira. Anadikira mpaka azimayi a mzere wonse anayamba kuyang'anana, abusa n'kutsokomola kuguwa. Ndipo anapitirira.

Mwambo wa mpingo wathu ndi wakuti Mkhristu akakana Mgonero, akulu awiri amamuyendera kukamva chimene chavuta. Mkulu wa dera lathu anali bambo. Choncho Lachitatu masana anavala jekete, anakatenga mkulu mnzawo, bambo wina wokalamba wa mawu ofatsa, n'kubwera naye kudzaodira pakhomo pa nyumba yawo yomwe. Ine ndinalipo, nditapempha tchuthi kuntchito, ndinawaikira mipando. Amayi anakhala pamphasa.

Atapemphera, mkulu wokalamba uja anafunsa mwaulemu chifukwa chimene amayi sanadyere Mgonero.

"Mtima wanga sunakonzeke," anayankha amayi. "Pali munthu amene sindinamukhululukire, ndipo sindikufuna kunama patebulo la Ambuye."

Mkuluyo anagwedeza mutu mwachisoni. "Tamva, mayi. N'zowawa ndithu. Koma munthu wa mapoloyo anapepesa kale. Kapena tikamuitanenso, adzapepese kwa inu?"

"Ameneyo musamuvutitse," anatero amayi. "Amene ndikunenayo mwabwera naye."