Kakope ka Amaiki

Musandinamize kuti simuwadziwa Amaiki, bambo wadazi uja ankamasulira mafilimu m'kaholo ka kuseri kwa ometa tsitsi. Chizungu ankachidziwa ngati mmene ine ndidziwira kuyendetsa ndege, koma akagwira maiki, msilikali wa pa kanema ankalankhula ngati mnzako wa mumsewu. "Aise, usanditole, ndine dolo!" Mabenchi ankachita kugwedezeka ndi phwete.

Chinsinsi chawo ndinachitulukira ndine, poti khoma lathu ndi limodzi ndipo makutu anga sapita kutchuthi. Mawu onsewo ankatapa kwa mwana wawo wachisamba. Iye akamapukuta nsapato pakhomo, bambo ake ali pambali ndi kakope.

"Tandiuza, akuti chiyani masiku ano?"

"Madala, mawu mukangowatchula inu amafera pomwepo."

"Iwe, ndinakubereka ndine. Tchula ndilembe."

Mwanayo anadwala masabata awiri okha, tinakaika m'manda. Kakope kanathera pa tsamba lomwelo.

Zaka zisanu ndi chimodzi Amaiki anamasulira ndi mawu omwewo. Koma mawu a mumsewu ali ngati tomato, sachedwa kuola. Achinyamata anayamba kuseka posayenera. Munthu akufa pa kanema, wina kumbuyo akukuwa, "Agogo, mawu amenewo anapuma pantchito kalekale!"

Masana ena mwini holo anawaitanira panja. Ine ndinali pafupi, ndinkangofuna mthunzi.

"Achimwene, mabenchi ayamba kuonera okha filimu. Khalani ndi anyamatawa sabata imodzi, mulembe zatsopano. Apo ayi, maiki ndipatsa wina."

Anayesa, ndisawanamizire. Anagula kope lina, nakhala kwa ometa kuja masiku asanu, akulemba uku akusekedwa. Loweruka filimu inafika poti mwana akutsanzika bambo ake pokwera sitima. Kope latsopano linali chitsegulire pabondo pawo. Analiyang'ana, anayang'ana kanema, kenako anati, "Zili bho madala, musandidikire, ndibwera."

Ife oyandikana nawo tikuwadziwa mawu amenewo. Tinkawamva kwa mwana wawo uja m'mawa uliwonse chitseko chikamatsekedwa.

Holo yonse inafa nacho chiseko. Amaiki anazimitsa maiki, anakulunga chingwe bwinobwino, napereka kwa mwini wake filimu isanathe.

Pano amasoka nsapato pakhonde. Kope latsopano lija anayatsira mbaula, kakale kaja kamakhala m'thumba la malaya. Ndikamadutsa ndimati, "Zikuyenda, aise?" Amayankha kuti "Bho," osadzutsa mutu. Ndiye ine, pakamwa ponsepa, ndimangopitirira.