Dzanja limene alamu anati lidzapunduka

Nditagwa pachigafa cha fodya kwathu ku Nambuma n'kuthyoka pamfundo ya dzanja, alamu anga analengeza mudzi wonse kuti madokotala akaikamo chitsulo mongopapasa, ndipo ndidzapunduka. Bodza lenileni!

Kuchipatala anandichititsa dzanzi mkono wokha, choncho ndinali maso. Atamanga kachitsuloko pafupa ndi timisomali, anakokera pafupi makina ojambula mafupa, ndipo fupa langa ndinaliona ndekha pakanema. Adokotala anati kamsomali kamodzi katalikitsa. Anakasintha, n'kujambulanso mpaka anakhutira.

Nditachira ndinakumana ndi alamuwo pakhomo pa tchalitchi. Ndinawapatsa moni ndi dzanja lomwelo, n'kufinya mpaka anakwinya nkhope.

"Mlamu, mundithyola!" anakuwa.

"Pepani alamu," ndinatero, osawasiya. "Si ndi dzanja lopunduka lija?"