Kamulungu ka Chala Chodukira

Mwana wathu wamwamuna tinabwera naye ku Nairobi atangoyamba sekondale, ndipo chaka choyamba chonse analibe mnzake ngakhale mmodzi. Chiswahili cha anzake sankachimva. Akafika kunyumba ku South C ankangodzitsekera kuchipinda. Zinkandipweteka mtima, sindinama.

Kenako anapeza kagulu ka anyamata ku Rongai. Loweruka lililonse ankakwera minibasi, kuno amati matatu, kukasewera nawo masewera apatebulo: amaponya madayisi, aliyense n'kukhala munthu wa m'nthano. Wathuyo anasankha kukhala kafula, aja aafupi andevu okhala pansi pa mapiri. Akafulawo akuti ali ndi mulungu wawo wa chipala, mwini nyundo ndi moto, amene anawasula iwowo pachiyambi. Ine zinkangondiseketsa. Mwana woti akamakhoma msomali amakhoma chala, lero wasanduka wosula! Koma ankabwerako akuimba mluzu, ndipo ine zimenezo zinandikwanira.

Vuto linabwera ataumba kamulunguko ndi dongo kuti azipita nako kumasewera. Anakapenta bwinobwino n'kukayanika pawindo. Mayi ake, amene amatsogolera mapemphero a azimayi achimalawi kuno, anakapeza akusesa. Aaa, nyumba inachepa. Anati m'nyumba mwawo simukhala fano, za ku Rongai zatha, ndipo kanthuko akapereka kwa abusa kuti akapempherere n'kukaphwanya. Anakakulunga m'chitenje chakale osakayang'ana n'komwe, poti kwathu chinthu chotere suchiyang'anitsitsa. Sindiwanena ayi. Kumene anakulira, kanthu kachilendo kakapezeka pawindo ndiye kuti wina akukufunira zoipa. Ndinayesa kuwauza kuti ndi masewera chabe, anandiyankha kuti Satana naye amayamba ndi masewera. Ndinapsa mtima, n'kutuluka kukagula ndiwo zamasamba za sukuma zimene sitinkazifuna n'komwe.

Loweruka linafika, mwana sanapite. Anzake anaimba foni, iye anangoithimitsa. Chitseko chija chinayambanso kukhala chotseka.

Lamlungu m'mawa, mayi ake akuika kamtolo kaja m'chikwama cha kutchalitchi, mwana anatuluka. Sanalimbane nawo. Anangowapempha kuti asanakapereke, aone kaye dzanja lamanzere la kamunthuko.

Anamasula chitenje monyinyirika, nkhope ataitalikitsa. Ine ndinaima pambali. Kamunthu kafupi, ka mapewa otakata, ndevu zotuwa, chipewa chakutha pamutu. Kudzanja lamanja nyundo. Kumanzere chala chamkombaphala chodukira pakati.

Apongozi anga, bambo awo a mkazi wanga, anali osula ku Ndirande, ankapanga makasu ndi mbaula. Chala chimenecho chinaduka ndi tchizulo mkazi wanga ali kamtsikana, nthawi imene ankawavukutira moto akaweruka kusukulu. Anamwalira mwana wathu asanabadwe. Iye amangowadziwira pa chithunzi cha pabalaza ndi nkhani za mayi ake.

"Anzanga anandifunsa kuti mulungu wa osula amaoneka bwanji," anatero mwanayo. "Ine wosula amene ndimamudziwa ndi agogo okha."

Mayi ake anakhala pansi. Anasisita kachala kaja nthawi yaitali. Kenako anati chipewacho walakwitsa, bambo awo ankachipendeketsa cha kumanzere. Ine misozi inalengeza m'maso.

Kutchalitchi tinachedwa tsiku limenelo, ndipo abusa sanalandire kanthu. Loweruka lotsatira mwana anadzuka m'mamawa kukonzekera ulendo wa ku Rongai. Mayi ake anamuikira kamunthuko m'bokosi la nsapato, atayalamo thonje. Anamuchenjeza kuti dzina loti mulungulo asadzalitchulenso iwo akumva. Atafika pakhomo anamuitananso.

"Ndipo uwauze anzakowo," anatero, "asawagwire agogo ako ndi manja a tchipisi."