Timagalasi ta Nagogoda

Inamveka m'mawa wina kuti nyumba yathu ya masitolo aigwetsa, ndipo wayambitsa zimenezi ndi mwana wa mlongo wanga, injiniya wa zomangamanga uja. Anabwera nayo nkhaniyi ndi wometa wa chipinda chapakona, munthu woti akamameta pakamwa sipatseka. Akuti kampani ya mtsikanayo ikufuna malowo kuti imangepo nyumba yosanja. Ine makina anga osokera akhala pakhonde limeneli kuyambira ndili ndi mano onse. Ndinati bodza, koma tsiku lomwelo ndinasoka thumba la thalauza ya munthu mozondoka.

Vuto lake mwanayo ndimam'dziwa. Timamutcha Nagogoda. Ali wamng'ono ankakwera patebulo n'kumadumpha kuti aone ngati miyendo ya tebulolo ipirire, ndipo ina sinapirire. Lero ndi mayi wa ana awiri, koma akalowa m'nyumba ya eni, moni usanathe wayamba kale kugogoda khoma ndi chala, khutu lili pomwepo. Kutchalitchi amati ndi wopemphera kwambiri poti maso amakhala kumwamba. Amakhala akuyang'ana mitanda ya denga ameneyo.

Sukulu anamaliza kalekale, chithunzi chovala chipewa cha ngodya zinayi chili pakhoma kwa mayi ake, koma mwezi sutha asanapite kumaphunziro ena. Ndinam'funsa, "Kodi iwe unalephera chiyani kuti uzingobwereza?"

"Amalume, kamangidwe ka chaka chatha si ka chaka chino. Ndikasiya kuphunzira andilanda laisensi."

"Ndiye Loweruka uzipumako."

"Loweruka ndi la anthu anga."

Anthu akewo ndife. Loweruka bungwe lawo la mainjiniya limawatuma kukaona mwaulere masukulu, timilatho ta oyenda pansi ndi nyumba zakale ngati yathu. Ndiye anabwera, chisoti kumutu, nayang'ana mng'alu wochokera pawindo la wometa mpaka pansi. Anamata timagalasi mopingasa mng'aluwo, n'kulemba tsiku pambali ndi pensulo, ulendo. Kufotokoza ayi, akuti akuchedwa kwina.

Ife mtendere unatithawa. Mayi wogulitsa nsalu anayamba kufunsa malo kumsika. Ine ndinkasoka pang'ono, kudzuka, kukasuzumira timagalasi, kubwerera, kudzukanso. Wometa anati, "Akulu, chizindikiro chimenecho. Mtengo woti audule amayamba aupaka penti." Lachisanu anatenga mpeni n'kugumula timagalasi tonse, kutseka mng'alu ndi simenti, kupakapo laimu. Khoma linawala ngati mkwatibwi.

Nagogoda atafika anaima njii, n'kuvula chisoti.

"Wachita izi ndani?"

"Takonza tokha, achemwali, musavutike," anatero wometa, lumo lili m'manja. "Palibenso chogwetsera."

"Bambo, munthu akabwera ndi chipere kumutu, mumangopesera tsitsi pamwamba pake?"

"Akapempha timatero."

"Galasi lija likanasweka, ndikanadziwa kuti khoma likuyendabe. Likanakhala, ndiye kuti mng'alu unaima kale. Tsopano mwandibweza poyambira."

"Nanga osanena bwanji, iwe?" ndinalowerera ine. "Pakamwanso pamafuna laisensi?"

Nagogoda anatulutsa kanyundo m'chikwama n'kuyamba kugumula simenti ija, wometa atam'gwirira makwerero, nkhope ili pansi. Anamata timagalasi tatsopano. Ulendo uno anatiitana tonse apakhonde, mpaka mayi wa nsalu, natiuza kuti tidikire mvula igwe ndi kutha, poti ndi nthawi imene dothi limafufuma n'kukankha maziko. Galasi likasweka, aliyense ayambe kumanga katundu.

Dzinja lonse tinakhala ngati takhalira linthumbu. Wometa yemwe uja anasanduka mlonda wa timagalasi. Mpira wa ana ukagubudukira kuno ankaulanda. Galimoto yaikulu ikadutsa ankathamanga kukaona, kusiya munthu pampando mutu uli theka. Mayi wa nsalu ankabwera ndi katundu wochepa, akuti asavutike pothawa. Nagogoda ankafika Loweruka lililonse ngakhale kukugwa yamkuntho, kusuzumira, kugogoda, kuzungulira kuseri. Ndikam'patsa mpando ankangoikapo chikwama.

Mvula itatha, timagalasi tinali tosasweka. Nagogoda analembera a khonsolo kuti nyumbayo ndi yolimba, mwini wake angokonza ngalande yakuseri. Kampani ya Nagogoda sinafunepo malowo. Nyumba sanaigwetse.