Tsiku limene amayi sanadzuke bwino

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinamva amayi anga akuyankha moni mosiyana ndi mmene anatiphunzitsira, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti yankho limenelo ndi limene linawapulumutsa.

Munali m'zaka za m'ma 1980, tikukhala ku Nairobi. Bambo ankagwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri, ndipo nyumba yathu inali kufupi ndi Industrial Area, moti m'mawa tinkadzutsidwa ndi phokoso la mafakitale ndi mahutala a matatu, timabasi ta kumeneko. Amalawi mumzindamo tinali ochepa, odziwana tonse. Tsoka lake, bambo anali ndi galimoto komanso mtima wabwino. Aliyense wotsika ndege ndi pasipoti ya kwathu ankathera pakhomo pathu: obwera ku misonkhano, ana a sukulu osowa malo, odwala ofuna madokotala, ngakhale ongodutsa. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mame athu ankakhala mpaka mwezi. Bedi langa ndinkangoliona masana, pogona panga panali pa matiresi pabalaza.

Kumudzi alendo amagawana. Wina akagona kwa azakhali, ndiwo zichokera kwa apongozi, madzi atunga atsikana apamudzi. Ku Nairobi mudzi wonsewo unali amayi okha. Ankaphika, kuchapa, kusita, kukolopa, kenako kukwera matatu kukagula ufa ndi sukuma wiki, ndiwo zamasamba zimene tinkadya mpaka kukhuta nazo mtima. Bambo atanena zolemba wantchito, amayi anakana kwamtuwagalu. Ankati mlendo wa kwathu akadya chophika munthu wina, akanena kumudzi kuti aNaphiri ayamba kunyada chipitireni kunja.

Chodabwitsa n'chakuti m'nyumba imeneyo nkhani ya thanzi sinkasowa. Bambo anagula tirakisuti yabuluu, ankathamanga kusanache, kumwa madzi otentha a mandimu, ndi kulalikira alendo patebulo za kuipa kwa mchere ndi shuga. Tirakisutiyo wochapa anali amayi.

Ine ndinkaona zimene bambo sankaona. Mapazi a amayi anatupa mpaka nsapato za kutchalitchi zinasiya kukwana. Ankamanga mutu ndi duku mothinitsa, n'kumameza mapiritsi mobisa atayima pasinki. Koma wina akangoti mwadzuka bwanji, ankamwetulira n'kuyankha kuti adzuka bwino, kaya anzawo. M'mawa uliwonse ankagwada kupempha Mulungu mphamvu zina. Pemphero langa ine linali lalifupi: alendo azipita.

Tsiku lina ananditenga kuchipatala kuti ndikawathandize Chiswahili ndi Chingelezi. Dokotala atawayeza anavula magalasi, n'kundiuza kuti ndiwamasulire bwinobwino: magazi awo akuthamanga kwambiri, ndipo akapanda kupuma, tsiku lina adzagwa osadzukanso. Ndinamasulira mawu amenewo. Pobwerera, m'matatu mothithikana, amayi ananditsina pang'ono pantchafu.

"Usakawauze bambo ako. Pakhomo pali alendo."

Ndinasunga chinsinsicho, koma chinandidya. Kusukulu ndinkangoganiza kuti ndikafika kunyumba ndikawapeza atagwa m'khichini, sopo ali kumanja. Ndinkadana ndi mlendo aliyense wopempha madzi osamba otentha.

Loweruka lina la mwezi wa Julaye kunazizira monga kumazizirira ku Nairobi, kumwamba kuli mbuu, zovala zosauma pachingwe. M'nyumba munali abusa awiri obwera ku msonkhano ndi mnyamata wina wa ku yunivesite. Onse anali atakhala pabalaza kudikira tiyi, koma tiyi sanabwere. Amayi anali atakhala pakampando pakhomo la khichini, manja ali pamaondo, akuyang'ana khoma. Sindinali nditawaonapo atangokhala opanda chogwira, ndipo ndinachita mantha.

Bambo analowa kuchokera kothamanga, thukuta lili kamukamu, akulengeza mokondwa kuti masana kukubwera banja lina la ku Zomba. Kenako anatembenukira kwa amayi.

"Mwadzuka bwanji, amake Chikondi?"

"Sindinadzuke bwino," anatero amayi, mawu ali pansi. "Ndatopa, abambo. Ndatopa mpaka m'mafupa."

Bambo anayesa kuseka, n'kunena kuti kutopa timatopa tonse, koma nanga alendowa.

"Alendo ali ndi manja. Dokotala akuti ndikapitiriza chonchi mudzanditengera kumudzi m'bokosi. Mufunseni mwanayu, ndi amene anamasulira."

Maso onse anabwera pa ine, ndipo ndinangogwedeza mutu kuvomera. Amayi anadzuka pang'onopang'ono, anapepesa abusa aja mwaulemu, n'kukalowa kuchipinda. Tinamva kiyi akutembenuka. Ndinkalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe, chifukwa kwa ine mayi wa Chimalawi kunena zotere pamaso pa abusa kunali ngati kutuluka panja wosavala. Koma pansi pa manyaziwo mtima wanga unapepuka koyamba chichokereni kuchipatala kuja.

Mbusa wamkulu pa awiriwo anavula jekete, anapinda manja a malaya, n'kundifunsa kumene timasunga masamba a tiyi. Mnyamata uja anatsuka mbale za dzulo lake. Mpunga wa masana unapserera pansi, pamwamba uli wauwisi, koma palibe anadandaula. Bambo anakhala pampando mpaka dzuwa kufika pamutu, tirakisuti ili m'thupi. Kenako anapita kubwalo la ndege, ndipo banja la ku Zomba lija anakalisiya ku nyumba ya alendo ya mpingo. Amayi anagona tsiku lonselo.

Sindinganame kuti zonse zinasintha pomwepo. Alendo ankabwerabe, ndipo mawu anakafikadi kumudzi kuti aNaphiri ayamba kunyada. Amayi analira nawo mawuwo. Koma wantchito analembedwa, bambo anayamba kufunsa asanaitane munthu, ndipo Loweruka lililonse masana amayi ankatseka chitseko n'kunena kuti akukapemphera. Pasanapite nthawi tinkamva mkonono. Nditawaseka tsiku lina kuti pemphero lawo n'lachilendo, anandiyankha osaseka kuti zaka zonse zija ankapempha mphamvu, pamene Mulungu anali atawapatsa kale tulo, iwo n'kumakana kulandira.

Amayi anakhala ndi moyo mpaka kunyamula zidzukulu. Lero ine ndapitirira msinkhu umene anali nawo nthawi imeneyo, mapiritsi a magazi ndikumwa omwewo, ndipo pakhomo panga sipatha anthu. Masiku ena ndimadzuka thupi lili lolemera ngati bulangeti lonyowa, ndipo ndi pamene ndimamvetsa kulemera kwa mawu aja. Kuchapira abusa awiri n'kosavuta kusiyana ndi kuwauza kuti watopa. Mwambi umati manyazi anapha lambe, ndipo amayi anga anatsala pang'ono kufa chifukwa cha ulemu, akumwetulira.

N'chifukwa chake mwana wanga wamkazi akandiyankha pafoni kuti wadzuka bwino, sindithamangira nkhani ina. Ndimamufunsanso kachiwiri.