Olondera Nsapato

Lero kusukulu kwathu ku Katete kunali mipikisano yothamanga, ndipo ndakukumbukani, a Mwale, ngakhale patha zaka chitisiyireni. Paja ine, mphunzitsi wa digiri yonse, ndinkaika ana olumala pansi pa mtengo kuti azilondera nsapato za anzawo. Munafika pa njinga yanu ya olumala n'kunena kuti, "Aphunzitsi, nsapato sizithawa. Tipikisane. Ndikakusiyani, anawa alowa m'bwalo." Ndinavomera ndikuseka. Pamene ndinkafika pakati, ndili wefuwefu ngati ng'ombe yapangolo, manja anu anali atakufikitsani kale kumapeto. Mamendulo anu a mipikisano ya olumala sindinawaonepo, koma fumbi lanu ndinalimeza.

Lero atsikana atatu olumala apikisana pa njinga zawo, bwalo lonse litaimirira. Pumulani, a Mwale. Nsapato ndikulondera ndine.